A Lumo ndi Chitseko cha Kuseri kwa Nyenyezi

Ndinawadziwa a Lumo ndili ndi tsitsi lodzaza mutu, ndipo anapitiriza kundimeta mpaka dazi litandilanda theka. Dzina lawo lenileni tinaliiwala kalekale. Malo awo ometera anali kachipinda kopanikizika pakati pa sitolo ya nsapato ndi ya mankhwala. Munali mpando umodzi wozungulira, galasi long'aluka pakona, benchi ya odikira, ndi wailesi imene inkayamba kulankhula ikamenyedwa kaye khofi. Pometa ankatulutsa lilime pang'ono ngati mwana amene akuphunzira kulemba. Ndikawauza kuti achepetse pang'ono chabe, ankati, "Achimwene, pamutu panupa pang'ono ndiye zonse."

Kenaka manja awo anayamba kunjenjemera. Poyamba ankanamizira kuzizira. Tsiku lina anacheka khutu la kasitomala wawo wakale, ndipo sanadikire kuti wina awauze chochita. Anapukuta makina, anakulunga malumo m'thawulo, nakabweza kiyi kwa mwini nyumba. Adokotala anati mankhwala angachepetse kunjenjemerako, koma sangakuthetse.

Akazi awo anali atamwalira kale, choncho anasamukira kwa mwana wawo wamwamuna. Mwanayo ankamanga milatho kutali, kunyumba ankangobwera mwa apo ndi apo. M'nyumbamo munali mpongozi wawo yekha, namwino wa kuwodi ya ana, amene panthawiyo anali woyembekezera. Awiriwa ankalemekezana mpaka kutopetsana.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, mayi, kaya inu?"

Basi, nkhani yathera pomwepo. Wina akalowa pabalaza, winayo ankakumbukira kuti wasiya ntchito kuchipinda.

Pabalazapo panali kompyuta ya mwana wawo uja, ndipo mpongoziyo akaweruka ankapumulirapo ndi masewera ena ake. M'masewerawo munthu amapatsidwa chombo, n'kumayenda nacho kuchoka pa nyenyezi ina kupita pa ina. Osewera ali m'mayiko osiyanasiyana, koma thambo lawo ndi limodzi. Panali mphekesera yakuti amene anapanga masewerawo anabisa malo ena, amene osewera ankangowatchula kuti Chitseko. Palibe amene anali atachiona. Anthu ankatolera zizindikiro: mawu odukaduka m'zombo zakale zosiyidwa, kulira kwachilendo pafupi ndi mapulaneti ena, zojambula pamiyala.

Masana ena a Lumo ankadutsa ndi kapu ya tiyi, ataigwira ndi manja onse awiri. Anaima kumbuyo kwa mpando umene mpongozi anakhalapo akusewera.

"Kodi mayi, kumeneku ndiye kuti?"

"Kulibe kumeneku, bambo. Ndi masewera chabe."

"Nanga mukufunafuna chiyani kumalo koti kulibe?"

Mpongoziyo anaseka mpaka kugwira mimba. A Lumo anandiuza pambuyo pake kuti aka kanali koyamba kumva mmene mkazi wa mwana wawo amasekera. Anakokera kampando pafupi, tiyi uja anazizirira pansi.

Kuyambira pamenepo anagawana ntchito. Mpongozi ankayendetsa, popeza mabatani ankawathawa a Lumo, ndipo iwo anali maso a chombo. Maso awowo sikuti anali odalirika kwenikweni. "Imani, imani! Apo pali chinthu!" Mpongozi ankaimitsa chombo, kuyang'anitsitsa, kenaka n'kutenga kansalu kupukuta pamene ntchentche inadetsa galasi la kompyuta.

Analowa m'gulu la osewera ena ofunafuna Chitseko. Mtsogoleri wake anali mayi wa kudziko lina amene ankadzitchula kuti Mvula. Gululi linkalemberana m'chilankhulo chimene a Lumo sankachidziwa, ndiye mpongozi ankawerenga n'kumawamasulira. Chombo chawo anachipatsa dzina lakuti Lumo. Ndikapita kukawaona, ankandikhazika pansi n'kundifotokozera maganizo awo ngati mmene kale ankafotokozera za mpira. Nthawi ina anaumirira kuti zojambula za pamiyala zija ndi mapu. Gulu lonse linatsatira mapu awowo kwa masabata angapo, n'kukapeza fumbi lokhalokha. A Lumo anachita manyazi, koma Mvula anangolemba kuti, "Tsopano tadziwa kumene kulibe. Agogo ali ndi ganizo lina?"

Ulendo wa pakati pa nyenyezi ndi wautali, ndipo nthawi zambiri palibe chochita koma kudikira. M'kudikiramo ndi mmene pakamwa pawo panatsekukira. Mpongozi anayamba kunena za kuntchito, za ana amene achira, ndi za kamwana kena kamene sikanachire, kamene sananenepo za iko ngakhale kwa mwamuna wake. A Lumo anamuuza za malemu akazi awo, kuti tsiku loyamba kukumana nawo mayiwo anawakana chifukwa cha malaya achikasu amene anavala. M'mawa wina mpongozi anaona ndevu za apongozi ake zitakula mosalongosoka. Anatenga thawulo lija, anamasula malumo, nati, "Khalani apa, bambo." Iwo anakhala, mutu chagada, koma pakamwa posatseka: "Kokani khungu kaye. Ayi, motsatira tsitsi. Eyaa, dzanja lanu ndi lopepuka." Anandiuza kuti anatsinzina kuti mpongozi asaone misozi, koma sopo anawathandiza kunamizira.

Kenaka gulu linagwirizana za ulendo waukulu. Ena anazindikira kuti kulira kwachilendo kuja, ukakutsatira kuchokera mbali zosiyana, kukuloza ku kanyenyezi kofiira kakutali kwambiri. Zombo zinanyamuka pamodzi. Ali pakati pa ulendowo, matenda a mpongozi anayamba nthawi isanakwane. Mayi woyandikana nawo nyumba anathamanga naye kuchipatala, mwamuna wake n'kukwera basi yoyamba imene anaipeza, a Lumo n'kutsala okha m'nyumba.

Anasesa pabalaza. Anasesanso. Atasowa chochita, anayatsa kompyuta, poganiza kuti mpongozi akadzatuluka asadzapeze anzake atamusiya m'mbuyo. Koma chala chinadumpha batani, chombo chinapitirira malo omwetsera mafuta, n'kukazima pamalo opanda kanthu.

Anandiimbira foni. "Achimwene, bwerani. Ndamuonongera mwana wa eni chinthu chake."

Ndinathamanga poganiza kuti aphwanya mbale kapena awotcha nyumba. Ndinawapeza atagwira tsaya, akuyang'ana mdima wa pagalasi. Ine za makompyuta sindidziwa, koma zala zanga n'zokhazikika. Iwo ankanena, ine n'kumalemba ndi chala chimodzi m'chilankhulo chathu chomwechi: "Mpongozi ali kuchipatala. Mwana akubwera. Mafuta atha. Pepani."

Mmene Mvula anamvera sindikudziwa, kaya makina anamumasulira. Yankho lake sitinathe kuliwerenga. Tinangokhala, tikuyang'ana foni, tikuyang'ana kompyuta. Patapita nthawi, kakuwala kanaoneka pakona.

"Ntchentche inanso," ndinatero.

"Ayi," anatero a Lumo. "Ntchentche siyenda choncho."

Chinali chombo. Kumbuyo kwake kunabwera china, kenaka chinanso. Gulu lonse linali litatembenuka, kusiya kanyenyezi kofiira kamene linkakafuna kwa nthawi yaitali. Chimodzi chinatithira mafuta, ndipo tinayembekezera kuti zinyamuka. Sizinanyamuke. Zinaima motizungulira, anthu osadziwana nkhope, ena mwina ali kuntchito, ena ataika poto pamoto, onse akudikira nafe.

Dzuwa litapendeka foni inalira. Anali mwana wawo, akupuma movutikira ngati wathamanga: kwabadwa mwana wamkazi, wochepa thupi koma wa mawu aakulu, ndipo mayi ake ali bwino. A Lumo anaika foni pamwendo, nandigwira mkono.

"Lembani," anatero. "Auzeni alendowa."

Ndinalemba. Posakhalitsa zombo zonse zinayamba kuthima ndi kuyatsa nyali zawo. A Lumo anaimirira, anavula chipewa, naweramira kompyuta ija monga mmene munthu amathokozera anthu amene abwera kudzamuzonda.

Ku kanyenyezi kofiira anakafika mpongozi atachira. Gulu linamudikira. Chitseko sanachipeze. Anapezako chombo china chakale, chokhala ndi mawu odukaduka amene palibe anali atawamvapo, ndipo mpaka lero akukanganabe za tanthauzo lake.

A Lumo masiku ano amayenda pang'onopang'ono, mawu awonso anatsika moti umafunika kuwayandikira. Mwana wawo anapempha kuti azigwira ntchito pafupi, ndipo amadandaula kuti pakompyuta yake yomwe alibepo malo. Sabata yatha nditapitako ndinapeza iye akuyenda uku ndi uku ndi khanda paphewa, pamene bambo ake ndi mkazi wake akutsutsana za njira.

"Kumanzere, mayi."

"Kumanzere tinapitako kale, bambo."

"Tinapitako, koma sitinayang'ane bwino."

Mpongozi anapukusa mutu, nakhotetsa chombo kumanzere.