Milamba ya Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene amalume anga, a Zuze, anandilemba ntchito yotunga madzi oumbira njerwa. Ndikati anandilemba ndikungowalemekeza, chifukwa mwana wa mlongo wako sumupempha, umangomulozera ndowa. Tchuthi chinali chisanathe, dzuwa litayamba kale kuswa mtengo, ndipo damu la kumudzi kwathu, kuseri kwa Katete, linali litaphwa mpaka madzi kutsala pakati pokha.

Nthawi yopuma masana ikakwana, anyamata oumba ankagona pansi pa mtengo wa mango ngati matumba a chimanga. Ine ndinkatenga chinangwa changa chophika n'kukakhala pa chulu cha m'mphepete mwa madzi. Kumeneko kunali zambiri zoonerera. Akakowa ankayenda m'matope mwaulemu ngati amayi a kutchalitchi atavala zoyera, nantchengwa ankaima chilili kudikira chule, ndipo panali ng'azi ina yaikulu imene inkaothera dzuwa pa chitsa osasamala za munthu. Amalume ankandiseka akandipeza.

"Iwe Tiyanjane, mbalamezo ndizo zidzakukwatira?"

Tsiku limene ndikunenali, chinayamba kundilandira ndi fungo. Linali fungo lija la m'munda wa thonje akangopopera, loti limakhala pakhosi. Nditakwera pa chulu ndinaona madzi atayera ndi mimba za nsomba. Matemba anali mbwee m'mphepete, milamba ikuyandama chagada, ina ikuyasamulabe. Kakowa mmodzi anali atagwa m'matope mapiko ali tambasu, thovu likutuluka kukamwa. Nantchengwa ankazandima ngati munthu wochokera kumowa, kenako anakhala pansi osadzukanso. Ng'azi yanga ija inali itatsika pa chitsa, katemba kali kukamwa, ntchentche zobiriwira zitayamba kale kuilowa m'maso ili yamoyo. Chinangwa chonse chimene ndinadya chinabwerera pomwepo.

Nditadzutsa mutu ndinawaona amalume ali m'madzi, buluku atapinda mpaka m'mawondo, akutola milamba ndi manja n'kumaponya m'thumba la feteleza. M'bango munali botolo la mankhwala a thonje, lopanda kanthu, chithunzi cha chibade chikuonekera bwinobwino. Maso athu anakumana.

"Sunaone kanthu," anatero. "Pita ukatunge madzi."

Ndinapitadi. Amalume ndiwo anali mwini mbumba. Atate anali atamwalira, ndipo dimba limene amayi ankalima ndiwo zamasamba anatipatsa ndi iwowo. Pamwamba pa izo anali munthu wolemekezeka, woti pa maliro amapatsidwa mpando wa ndalema.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, anafika kwathu ndi milamba itatungidwa pa luzi. Amayi anaomba m'manja mpaka kugwada. Mlongo wanga Limbani, wa zaka zinayi, anali atangodzuka kumene pa malungo, nthiti zikuwerengeka, ndipo ankakana chakudya chilichonse kupatula kulirira nsomba. Kwa amayi, milamba ija inali yankho la pemphero. Anaitumbula akuimba nyimbo, amalume atakhala pakhonde akumwa thobwa, ine nditatsamira nkhokwe. Ndikanena, dimba lipita. Ndikakhala chete, Limbani adya.

Ndinalimba nazo mpaka nsomba zitapsa, pamene amayi ananyema kamnofu, n'kukachotsa minga, n'kukauzira kuti kazizire. Limbani anali atayasamula kale.

"Amama, musam'patse. Nsombazi zafa ndi mankhwala a thonje. Ndaona botolo, ndipo mbalame zimene zadya zafa."

Amalume anaika chikho pansi.

"Mwana wamwano uyu, mlongo wanga, ndipo ukumulekerera. Mankhwala amatsalira m'matumbo. Ukatumbula bwino n'kutsuka, nsomba ndi nsomba basi. Anthu onse amadya."

Amayi anabweza kamnofu kaja m'mbale. Kenako anatenga mbale ina, ya alendo, n'kupakuliramo mutu wa mlamba waukulu kuposa yonse, msuzi n'kuthira pamwamba. Anatenga madzi osamba m'manja, n'kukagwada pamaso pa mlongo wawo monga mwa mwambo wake.

"Ndalakwitsa kuyamba ndi mwana, achimwene. Mutu ndi wa mkulu. Yambani ndinu."

Amalume anasamba m'manja. Anasamba nthawi yaitali, chala chimodzichimodzi, ngati munthu amene wagwira phula. Atatha anayang'ana mbale ija, nayang'ana kumsewu, nakanda pakhosi.

"Ine m'mimba simuli bwino masiku ano," anatero. "Apatseni ana."

Ananyamuka, nakwera njinga yawo, osatsanzika.

Pa zonse zimene ndinaona tsiku limenelo, thovu, ntchentche, maso a ng'azi, palibe chimene chinandinyansa ngati mawu awiri aja, apatseni ana. Mpaka lero ndikawakumbukira malovu amandidzadza m'kamwa.

Amayi anakumba dzenje lakuya kuseri kwa khola kuti agalu asafukule, n'kukhuthuliramo zonse, msuzi ndi matumbo omwe. Limbani anagubuduka m'dothi kulirira nsomba yake, ndipo ine anandiluma pamkono. M'mawa mwake amayi anayenda khomo ndi khomo kuuza anzawo kuti asatunge padamu, koma thumba lija linali litapita kale pa njinga kumsika wa kumsewu. Amene anagula sitikuwadziwa, ndipo ndimawaganizirabe.

Ntchito ya njerwa inathera pomwepo. Dimba nalo amalume anatilanda mvula isanagwe, akuti mwana wawo akufuna kulimamo tomato, ndipo chaka chimenecho tinadya chisoso ndi bonongwe wa kutchire mpaka kutopa. Amayi sanandidzudzule ngakhale tsiku limodzi. Akakowa anabwerera padamu madzi atadzaza, koma chisa cha nantchengwa chinangowolera mumtengo.

Lero ndine mphunzitsi ku Sinda, ndipo Limbani ndi bambo wa ana ake, wonenepa moti simungakhulupirire za nthiti zija. Ndili mwana ndinkayesa kuti amalume anali mbuli chabe, munthu wokhulupirira kuti poizoni amathera m'matumbo. Zikanakhala choncho ndikanawakhululukira kalekale, pakuti umbuli uli ponseponse. Koma amayi anandionetsa zoona zake ndi mbale imodzi, osakweza mawu. Munthu akakupatsa chinthu n'kumalumbira kuti n'chabwino, usalimbane naye pakamwa, muikire patsogolo ayambe ndiye. Amalume ankadziwa. Anasamba m'manja, koma sanadye.