Tsiku Limene Anandichotsa pa Umasulili

Ine ndi amene ndinabweletsa Chisipanishi ku Petauke. Kunena zoona, sindidziwa ngakhale liwu limodzi. Ndinkangowelenga Chizungu cholembedwa pansi pa TV ya pa saluni, n'kumamasulila azimai sewelo lawo la masana. Iwo ankalipila makwacha awili kuti aonele, ine ulele, poti koleji ndinailawako chaka chimodzi ndisanaisiye.

Tsiku lina mnyamata wa m'sewelolo anabwelela kwawo atasiya sukulu, ndipo amake anakuwa kuti wachititsa banja manyazi. Amai anga anali pa benchi yakutsogolo. Miyezi itatu anali asanandisekelepo.

Ndinatsokomola mwaulemu. "Akuti, wachita bwino mwana wanga, tinakusowa pakhomo pano."

"Bodza!" anatelo mphunzitsi wina amene ankalukitsa tsitsi.

"Madamu, Chisipanishi n'chozama."

Amai sanatembenuke n'komwe. "Iwe, mai wokondwa amaponya mbale?"

Saluni yonse inafa nacho chiseko. Udindo anandilanda pomwepo, koma mawu anga sindinabweze. Mpaka lelo ndimati mai uja ankayenela kunena zimenezo.

Tsiku lotsatila ndinapitanso, mutu uli m'mwamba. Amai anasendela pang'ono pa benchi, ndinakhala. Makwacha awili ndinalipila.