Tengah hari ndi mankhwala a Yusufu

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, titangofika kumene kudziko la azungu, mumzinda wa Leicester, kuchokera ku Mangochi. Munali mu Disembala, nyengo yachisanu kumeneko. Mlongo wanga wamng'ono, Yusufu, anali ndi chifuwa, thupi likutentha, koma amayi sakanachitira mwina. Anayenera kukwera basi ya ku Wigston, kumene ankasamalira okalamba.

"Ndili pa shifti mpaka madzulo," anatero akuvala jekete. "Dzuwa likafika paliwombo um'patse sipuni imodzi ya mankhwala a m'botolomu. Wamva?"

Ndinamva ndithu. Kwathu zimenezo sizinkavuta: umaima pabwalo, chithunzithunzi chako chikabisala kunsi kwa mapazi, basi nthawi yakwana. Choncho ndinakhala pawindo, botolo lili m'manja. Wotchi inalipo pakhoma, koma ine ndinkaiyesa chokongoletsera nyumba. Dzuwalo, lofooka ngati nyali yotha mafuta, linangokwawa pamwamba pa madenga a kutsidya kwa msewu, kenako n'kuyamba kutsika. Ine duu, kudikira kuti likwere. Yusufu ankabuula pasofa. Ndinachita mantha kwambiri, koma kuphwanya mawu a amayi ndinkakuopanso.

Amene anatipulumutsa ndi anti Aminah a nyumba yoyandikana nayo, mayi a ku Malaysia amene anadziwana ndi amayi kumzikiti. Anabwera ndi mpunga wonunkhira kokonati. Atam'gwira Yusufu pachipumi, anawerenga pabotolo, n'kum'mwetsa pomwepo. Ndinawafotokozera m'Chingerezi changa chothyokathyoka, ndikuloza paliwombo panga. Sanandiseke.

"Kwathunso dzuwa limafika pamutu," anatero pang'onopang'ono kuti ndimve. "Nthawi imeneyo timati tengah hari. Tengah ndi pakati, hari ndi tsiku. Tsiku lililonse lili ndi pakati pake, mwanangu, kaya dzuwa lakwera kaya lachita ulesi."

Anagwira chala changa n'kuchiika pa 12 wa pawotchi ija. Apo n'kuti itadutsa kale 2 koloko.

Madzulo ndinkayembekezera ndodo. Amayi anangokhala pansi, jekete osavula, Yusufu ali pamiyendo, thupi litazizirako. "Wolakwa ndine," anatero. "Ndinalankhula ngati tili kwathu." Mawu amenewo anandipweteka kuposa ndodo.

Mpaka lero, wotchi ikakwana 12 ndimapezeka ndanong'ona kuti tengah hari. Ndinazindikira mochedwa kuti tsiku lija ndinamvera mawu onse a amayi, koma chimene ankafuna sindinachimve. Maso anga anali kumwamba, pamene wodwalayo anali kumbuyo kwanga pasofa.