Kalata Yopanda Cholakwa

Atanditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale kunsi kwa Khombedza, kufupi ndi nyanja, anandilimbitsa mtima kuti ndikangokhalako zaka zingapo ndidzakhala ndi ufulu wopempha transifa. Sananame. Kupempha ndinapemphadi, ndipo palibe amene anandiletsapo.

Kwathu ndi ku Dedza, kapena ndinene kuti kwa mkazi wanga ndi ku Dedza, poti ine ndine mkamwini. Munda ndi wake, nyumba ili pamalo a makolo ake, ndipo apongozi anga maso anasiya kuona kalekale, moti sangasiyidwe okha. Ndimachoka n'kuti mwana wathu wamkazi akuyamwa. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi basi: ndibwerere asanayambe Sitandade 1, kuti tsiku loyamba kugwira pensulo, womugwira dzanja ndikhale ine.

Malamulo osamukira boma lina ndi osavuta, amatero anthu amene sanayesepo. Kalata yako idzere kwa ahedi, ahedi asaine ndi kudinda, ipite kwa mlangizi wa sukulu za m'deralo, kenako ku ofesi ya maphunziro, ndiye uko ukufuna kupitako avomere kuti malo alipo. Pamwamba pa zonsezi ukhale ndi chifukwa chomveka. Kalata yanga yoyamba inabwerera chifukwa chidindo sichinkaoneka bwino. Yachiwiri inabwerera chifukwa ahedi amene anasaina anali atapuma pantchito, ndipo zikuoneka kuti siginecha nayonso imapuma limodzi ndi mwini wake. Zonsezi zinkachitikira ine, munthu amene chaka ndi chaka ndinkaphunzitsa ana a Sitandade 8 kalembedwe ka kalata yantchito.

Yachitatu inafika mpaka pa desiki ya bwana wina wa ku ofesi, ndipo anandiitana.

"Mwalemba kuti mukutsatira banja. Akazi anu ndi aphunzitsi?"

"Ayi bwana, amalima."

"Ndiye aitaneni abwere. Amene timawadziwa kuti amatsatira ndi amayi, akamatsatira amuna awo."

"Bwana, ine ndine mkamwini."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Ndinkawayang'ana n'kumadziuza kuti iwowa, ndi Chichewa chawo chija, nawonso ayenera kuti amalima munda wa apongozi. Koma akakhala pampando uja, mwamuna wotsatira mkazi anali asanamumvepo chibadwire. Atatha kuseka anandichitira chifundo, nati ndipeze mphunzitsi wa ku Dedza wofuna kubwera kunyanja, tisinthane.

Ndinamupeza. Cholakwa changa chinali kumulola abwere kudzaona malo mwezi wa Okutobala. Anatsika pa kabaza malaya ali chonyowa kumsana, anayang'ana malata a nyumba yanga, anafunsa ngati kumatentha chonchi masiku onse. Ndinati lero kwangowonjeza pang'ono, limene linali bodza, chifukwa tsiku limenelo kunali kamphepo. Anamwa madzi makapu awiri n'kuuza wakabaza kuti asapite. Foni yake sinapezekenso.

Chaka chomwecho mphunzitsi mnzathu wina, amene ankabwera m'kalasi akununkha kachasu, anasamutsidwa teremu isanathe. Makolo anangodandaula kamodzi. Iye sanalembe kalata, sanasake chidindo, sanafunsidwe chifukwa chomveka. Ndinamuthandiza kukweza matilesi pa galimoto nsanje ili tho mumtima. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti ndime yachangu kwambiri m'malamulo a transifa ndi ya anthu osafunidwa, ndipo ndinaganiza zoti nanenso ndisiye kufunidwa.

Mowa sindimwa, ndiye ndinasankha ulesi. Ndinayamba kufika belu litalira kale. Ndinkalemba manotsi pa bolodi n'kukakhala pansi pa mtengo, makope ndinkangowaunjika osachonga. Ndinkachita manyazi, sindibisa, makamaka ana akamandisuzumira pazenera. Koma ndinalimba mtima masabata atatu, kudikira kuti makolo akwiye.

Anabweradi, Loweruka lina m'mawa, anthu asanu a komiti ya sukulu. Ndinavala nkhope ya munthu wokonzeka kudzudzulidwa. Iwo anatula pakhonde kathumba ka mpunga ndi usipa wouma. Wapampando, bambo wachikulire wa kofia yoyera amene anasiya usodzi chifukwa cha msana, anayamba kulankhula atayang'ana pansi.

"Aphunzitsi, taona kuti nkhope yanu yagwa. Ngati ndi matenda, tiuzeni. Ngati takulakwirani ife kapena ana athu, tikhululukireni."

Masabata atatu a ulesi anandipezera mpunga. Ndinasowa pogwira, ndipo m'malo mokhala chete ndinawauza zonse: za Dedza, za mwana, za makalata anga atatu. Anamvetsera mwaulemu. Wapampando anati, "Tamva, aphunzitsi. Inshallah, Mulungu akonza." Anatsanzika n'kumapita. Lolemba ndinafika belu lisanalire, chifukwa mayeso anali pafupi ndipo mpunga wa anthu ndinali nditayamba kale kudya.

Sipanathe mwezi, ku ofesi anandiitana. Sanayambe andiitanapo mwachangu chotero, moti m'minibasi ndinkawerengera kale kuti mabuku anga akwana makatoni angati. Bwana uja anatsegula fayilo yanga. Pamwamba pa makalata anga panali kalata ina, ya komiti ya sukulu, yopempha kuti ndisachotsedwe chifukwa chibwerere ine ana ayamba kusankhidwa kupita ku sekondale. Kunsi kwake kunali masiginecha ndi zidindo za zala tsamba lonse.

Dzanja lolembalo ndinalizindikira ndisanawerenge mzere wachiwiri. Linali la mlembi wa komiti, mayi wachitsikana amene anali m'kalasi yanga yoyamba ya Sitandade 8. Ndinayamba kuisanthula kalatayo monga ndimachitira ndi cholembera chofiira, kufuna penapake poti ibwezedwere. Keyala inali pamalo pake. Tsiku linalipo. Mutu unali wotsekedwa mzere kunsi. Inadzera kwa ahedi, inadzera kwa mlangizi, ndipo chidindo chake chinali chowala ngati chagulidwa dzulo.

"Makalata olongosoka chonchi sitiwaona kawirikawiri," anatero bwana. "Anawaphunzitsa ndani anthu amenewa?"

"Ndine, bwana."

"Mwaonatu. Ndiye tikuchotseni bwanji?"

Ndinatuluka ndili ndi ukali woti ndikadakumana ndi mbuzi ndikadaimenya. Ndinakonza mawu onse oti ndikamuuze mlembi uja. Ndinamupeza pamsika wa Khombedza akugulitsa tomato, mwana kumbuyo. Atandiona anaimirira, anapinda maondo, nkhope ili mwee.

"Aphunzitsi, munaiona? Ndinailemba katatu kuti isakhale ndi chofufuta. Panalibe cholakwa?"

"Panalibe."

"Alhamdulillah. Uyunso mudzamuphunzitse ndinu."

Anandiikira tomato m'jumbo, ndipo ndinalandira. Mawu anga onse aja ndinabwerera nawo kunyumba.

Mwana wanga anayamba Sitandade 1 ine ndili kunyanja. Ndinamva pafoni kuti analira pang'ono, kenako anazolowera. Mkazi wanga sanandinene, anangoti, "Bambo ake, yunifolomu yamukwana." Zinandiwawa kuposa akadandilalatira.

Pa holide ina, ali Sitandade 2, ndikulongedza chikwama kuti ndibwerere, anandipatsa pepala long'ambidwa m'kope. Amayi ake anali atamuuza kuti amene amandigwira kunyanja ndi abwana, ndipo abwanawo amamva makalata okha. Analemba mzere umodzi, wopempha abwana kuti abambo ake abwere. Panalibe keyala, panalibe tsiku, panalibe mutu. Zilembo zake zinali zoongoka bwino, zopendekera kumanja pang'ono, kalembedwe ka mphunzitsi wina amene sindimudziwa n'komwe.

"Mukapereka?" anandifunsa.

"Ndikapereka."

Sukulu itatsegulidwa ndinalowa nalo mu ofesi ya ahedi n'kuwapempha kuti adinde, poti kalata iliyonse iyenera kudzera kwa iwo. Anawerenga, anandiyang'ana, ndipo sanaseke. Anapumira mpweya pachidindo kuti chioneke bwino, n'kudinda.

Kalata ya mwana wangayo ili m'fayilo muja mpaka lero, pansi pa kalata ya makolo, ikudikira nthawi yake monga mwa malamulo. Woilembayo chaka chino akulemba mayeso a Sitandade 8.