Fayilo imene Perpetua sanaiyendetse

Perpetua anaphunzira kutayipa kwa masisitere a ku Ireland ali mtsikana, kwawo ku Chikwawa, ndipo luso limenelo ndi lomwe linamudyetsa ku Dublin kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Ankakhala ku Ongar, n'kumakwera mabasi awiri m'mawa uliwonse kupita ku Clondalkin, ku kampani ina yonyamula katundu wa asilikali. Asilikali akafuna kutumiza magalimoto awo kunja kukachita maphunziro ndi anzawo a mayiko ena, kampaniyo ndi imene inkawakweza m'sitima yapamadzi. Koma galimoto yankhondo sidutsa malire ngati thumba la mbatata. Dziko lililonse limene idutsemo liyenera kuvomera, ndipo pempho lake liyenera kufika nthawi ikadalipo.

Ntchito ya Perpetua inali mapepala amenewo, ndipo anali ndi kachitidwe kakekake kochokera kumudzi. Fayilo sankaisiya patebulo la bwana. Ankainyamula yekha, n'kukaima pambali pa wosayinayo, osakhosomola, osayankhula, mpaka munthu achite manyazi n'kutola cholembera. Azungu ankamuseka, koma palibe galimoto imene inachedwapo.

Perpetua anamupeza Manfred kutchalitchi, mnyamata wachimalawi wongolandira kumene mapepala okhalira m'dzikolo, wopanda pogona. Perpetua anamugoneka pasofa pake miyezi itatu, kenako anamunenera kwa mabwana mpaka anamulemba ntchito. Nthawi imeneyo zinali “anti, anti” pakamwa ponse. Koma mnyamatayo anali ndi Chingelezi choterera ndi nsapato zowala, ndiye patatha zaka zisanu anakwezedwa kukhala wosayina. Uanti unathera pomwepo. Anayamba kumuitana dzina, pamaso pa anthu, mayi woti akanatha kumubala.

Zimenezo Perpetua anameza. Chimene chinamukanirira pakhosi chinachitika tsiku lina Manfred atamuuza kuti asiye fayilo, asayina akabwera kunkhomaliro. Fayiloyo inagona m'dirowa milungu iwiri, magalimoto n'kukabwezedwa padoko. Atafunsidwa, Manfred sanaphethire n'komwe. Anati fayiloyo sanaionepo. Pepala lilibe pakamwa, choncho kalata yochenjeza inagwera Perpetua. Analirira m'chimbudzi cha kuntchito, ndipo tisabise, kuyambira tsikulo anamuda Manfred ndi mtima wake wonse.

Kenako kunabwera makompyuta. Zilolezo zonse zinayamba kuyenda pa intaneti: wolemba amatumiza, wosayina amadina, pempho n'kuwoloka nyanja lokha. A Carol, mkulu wa kampaniyo, ananena poyera kuti mu ofesi ya zilolezo mutsala munthu mmodzi chaka chikamatha. Aliyense ankadziwa kuti wa kalata yochenjeza ndi amene anyamuke.

“Perpetua, zoyendayenda ndi ma file zatha,” anatero Manfred pamsonkhano, akumwetulira azungu. “System ikandifuna indiuza yokha. Inu muzingokhala pa desk panu.”

Patangopita masiku atatu, Perpetua anamuona akuzimitsa timauthenga tokumbutsa, ati tikumusokosa. Perpetua anangoweramira pakompyuta yake. Anali atawerenga kabuku ka malangizo tsamba ndi tsamba ali m'basi, ndipo anadziwa chimene Manfred sanavutike kudziwa: makinawo ankalemba dzina la wotumiza, tsiku, ola, ndiponso ngati wolandira watsegula kapena ayi. Anadziwanso kuti munthuyu anamulera yekha molakwika. Chiyambireni ntchito, Manfred anali asanafunepo fayilo payekha. Ankasayina pokhapokha wina atamuimirira.

Mu Malichi munabwera pempho la magalimoto khumi ndi anayi odutsa ku France. Perpetua analilemba, analiwerenga katatu, n'kulitumiza kwa Manfred Lolemba m'mawa. Kenako anakhala pampando wake monga anauzidwira.

Musaganize kuti zinali zophweka. Miyendo inkamuyabwa. Lachitatu anadzidzimuka ataima kale pakati pa ofesi, ndipo anakhotera kukamwa madzi. Sabata yachiwiri tulo tinkamuvuta poganiza za madalaivala osalakwa amene adzavutike ulendo wachabe. Koma akangomva Manfred akuseka m'khonde ndi kapu yake ya khofi, mtima unkaumanso gwa.

Magalimoto anafika padoko la Dublin opanda chilolezo cha tsidya lina, ndipo sitima inanyamuka osawakweza. Msilikali wamkulu anaimba foni, mawu ake n'kumamveka mpaka kukhitchini. A Carol anaitana Perpetua ndi Manfred.

“Pempholo silinandifike,” anatero Manfred, nkhope ili bwinobwino ngati kale lija. “Mwina amayiwa makinawa akuwavuta.”

A Carol anatembenukira pakompyuta yawo. Anatsegula mbiri ya pempholo pa sikirini yaikulu yapakhoma. Dzina la Perpetua linali pamenepo, Lolemba, naini koloko itangokwana. Pansi pake panali dzina la Manfred, ndi masiku khumi ndi awiri osatsegula. Perpetua anaona thukuta likutsika m'khosi mwa mnyamatayo, ndipo anamva kukoma kumene sanakumvepo chifikireni ku Ulaya. A Carol anafunsanso za fayilo ya m'dirowa ija, Manfred n'kungoyang'ana nsapato zake. Pofika Lachisanu kalata yochenjeza inali itachotsedwa, mpando unali wa Perpetua, Manfred anatuluka atanyamula katoni.

Loweruka masana Perpetua anapita kukalapa kwa bambo Tarsizio, wansembe wachimalawi wa parishi yawo. Anafotokoza zonse, osabisa kuti ankadziwa, osabisanso kuti Clementina, mkazi wa Manfred, ndi woyembekezera.

“Mukanatha kumukumbutsa, mayi?” anafunsa wansembeyo.

“Ma steps sikisi okha, abambo, kuchoka pa desk panga.”

“Ndiye mukumva chisoni?”

Perpetua anafufuza mumtima mwake moona, chifukwa sanazolowere kunama m'malo amenewo. Anapezamo kutopa, anapezamo chifundo pang'ono cha kwa Clementina, koma chisoni munalibe.

“Ayi, abambo. Zikundikomabe.”

“Mukudziwa kuti sindingakumasuleni mutatero.”

“Ndikudziwa. Chikadzabwera ndidzabweranso.”

Lamulungu, anthu onse atadzuka kukalandira ukalistiya, Perpetua, amene sanaphonyepo chiyambire ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anapinda maondo kuti anzake a m'benchi adutse, n'kutsala yekha.