Khasu la Lufina pa Tsiku la Maliro

Ku Mlangeni, amuna akafuna kunyoza akazi awo ankatchula Lufina, mkazi wa Kingston, yemwe anabwera pachitengwa kuchokera ku Nzama. Mayiyu sankakhala pansi. Mbatata yake ya kachewere ankapalira kawiri anzake asanayambe n'komwe. Ankamutama kuti ngwakhama, osadziwa kuti munthuyo akuthawa.

Chomwe ankathawacho chinali m'chifuwa mwake. Akangokhala chete, mtima unkayamba kugunda ngati musi mumtondo, mpweya kubanika, manja kuchita dzanzi, iye n'kuona kuti lero ndiye akufa. Kuchipatala anamuuza kuti mtima ulibe vuto, ndi nkhawa, azipuma mpweya pang'onopang'ono. Anayesa, zinakanika. Chinkamuthandiza ndi khasu basi: akatema nthaka kangapo, mpweya unkabwerera. Atamuuza mwamuna wake, mwamunayo anangoseka. "Matenda ochira ndi kulima? Asakuchokeni amenewo."

Ndiye apongozi ake aakazi anamwalira. Ngakhale mwana amadziwa kuti pamudzi pakagwa maliro khasu siligwiridwa. Anthu anamukhazika Lufina m'nyumba ya siwa pafupi ndi bokosi, amayi ali thithithi, zenera lotseka. Anapirira nyimbo zitatu. Pa yachinayi chinthu chija chinamugwira pakhosi. Anadumpha miyendo ya anthu n'kutuluka, ndipo dzuwa likuswa mtengo anayamba kulima kuseri kwa khola, misozi ili mbwembwembwe.

Anamupeza ndi Selestina, mchemwali wa mwamuna wake, yemwe sanachedwe kuitana anthu. "Bwerani mudzaone. Mayi ali m'bokosi, mtengwa wathu ali pantchito."

"Ndimabanika, alamu," anatero Lufina. "Ndikanakhalabe muja ndikanafa."

"Mukanafera momwemo. Adzukulu akadali kumanda ndi makasu."

Zomvetsa chisoni n'zakuti Kingston ankadziwa zonse, koma pakamwa pake anasoka. Zinali zapafupi kutaya mkazi kusiyana n'kufotokozera abale matenda osaoneka ndi maso. Maliro ataikidwa, anamumangira Lufina katundu m'chitenje. Ana awo awiri, Tikondwe ndi Obed, anatsala, poti ng'ombe za lobola zinaperekedwa kalekale.

Lero Lufina ali kwawo ku Nzama, ndipo nkhani inafika iye asanafike, itanenepa panjira: akuti munthu wolima pamaliro a apongozi ake amadziwa chomwe chinawadya. Mwezi watha anatumizira ana ake thumba la kachewere wosankha yekha. Linabwerera losamasula, ndi uthenga wa Tikondwe, mwana wake woyamba: "Auzeni asamatitumizire. Timaopa kudya."