Dothi limene sindinatape ku Zomba

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndili Sitandade 6 pa sukulu ina kufupi ndi Chiringa, pamene aphunzitsi athu a Namalima analengeza kuti kuli ulendo wa tsiku limodzi wokaona zinthu za nkhondo. Anati tikayambira pa chipilala cha asilikali ku Zomba, kenaka tikafika mpaka ku Mangochi kukaona chimfuti chimene chinali pa sitima ya pamadzi. Kunena zoona, ine za nkhondozo ndinalibe nazo ntchito. Chimene chinkandisowetsa tulo chinali kukwera lole, poti kufikira nthawi imeneyo ulendo wanga wautali unali wa pa kaliyala wa njinga popita kuchigayo.

Mayi anakanitsitsa, amvekere m'nyumba muno mulibe choti tingagulitse. Amene anandipulumutsa anali anganga aamuna, bambo awo a mayi, a Sinoya Mukhweya. Anali munthu wosalankhulalankhula, wa chifuwa chosatherapo, ndipo tsiku lonse ankakhala pansi pa mtengo wa mango akusenda chinangwa choti achiyanike chikhale makaka. Atamva za chipilalacho anaika mpeni pansi n'kundifunsa kawiri konse ngati zinali zoona kuti pamenepo panalembedwa mayina a anthu amene anafera ku nkhondo. M'mawa mwake tambala wawo anapita ku msika, ine n'kulembedwa pa ulendo.

Tonse pakhomopo tinkadziwa kuti anganga anali ndi mkulu wawo, a Labisoni, amene anapita ku nkhondo ya azungu nthawi imene banja linali likadali pa esiteti ya tiyi ku Mulanje. Sanabwerenso. Kalata siinafike, kapena inafika banja litasamukira kale kuno kunsi kwa phiri la Michesi, palibe akudziwa. Motero maliro awo sanalilidwe, ndipo palibe amene anameta. Kwathu munthu akafera kutali, thupi lake n'kulephera kubwera, abale amakatapa dothi la kumene wagonako n'kudzalikwirira kumanda a kumudzi, ndiye kuti munthuyo wafika kwawo. A Labisoni analibe ngakhale malo oti munthu n'kukatapapo dothi.

Litatsala tsiku limodzi, anganga anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. Anandipatsa kabotolo kawo ka fodya, atakatsuka bwinobwino.

"Fanesi, iwe umatha kuwerenga. Ukayang'ane dzina la achimwene anga, Labisoni Mukhweya. Ukakalipeza ukatape dothi pansi pakepo, uthire umu. Ine ndatsala pang'ono, mwana wanga. Sindikufuna kukakumana nawo ndisanawaike."

Ndinavomera mwamatama, ngati andituma mchere pa golosale.

Tinanyamuka kusanache bwino. Lole inadutsa m'chigwa, minda ya mpunga itatsala ziputu zokhazokha, fumbi likutilowa m'mano uku tikuimba mpaka kusasa mawu. Ndinali nditanyamula chinangwa chophika ndi nandolo pang'ono m'kapepala, koma ndinamaliza tisanafike n'komwe pa Jali. Pafupipafupi ndinkagwira thumba la yunifolomu kuti ndimve ngati kabotolo kalimo.

Chipilalacho chinali chachitali, cha njerwa zofiira, ndipo m'munsi mwake munali zitsulo zodzaza ndi mayina. Wotionetsa malo anali bambo wachikulire amene anapuma usilikali, wa nsapato zowala ngati galasi, kandodo kali m'khwapa. Anatindandalitsa m'mizere iwiri n'kuyamba kufotokoza. Anati anyamata ambiri ankawakweza sitima ya pamtunda mpaka kunyanja ya mchere, kumeneko n'kuwalowetsa m'sitima zikuluzikulu za pamadzi momwe ankakhalamo masabata akusanza, ndipo ena amene anafera m'njira manda awo anali madzi omwewo. Anzanga anangoti kukamwa yasa. Kenaka anagogoda chitsulo ndi kandodo kaja.

"Mumve bwino ana inu. Aliyense amene dzina lake lili apa ndi womwalira. Wamoyo apa palibe. Ndiye musaseke, musathamange."

Atatilola kuyandikira, ndinayamba kutsata mayinawo ndi chala. Dzuwa linali litatenthetsa chitsulo moti chala chinkapsa, koma sindinachichotse. Mayina anali ambirimbiri, ena achiyawo, ena a kumpoto, ena ofanana ndi a kwathu. Anzanga anatopa n'kukakhala pa mthunzi, ine ndikadali pomwepo. Kenaka ndinaona Mukhweya. Ndinatsala pang'ono kukuwa. Koma nditabweza chala kuti ndiwerenge dzina loyamba, silinali Labisoni. Panalembedwa Sinoya Mukhweya.

Ndinawerenga katatu. Ndinapukuta ndi malovu poganiza kuti mwina ndi fumbi. Ndinazungulira chipilala chonse kufunafuna Labisoni, osamupeza, n'kubwerera pomwe paja. Dzina la anganga anga, amene m'mawa womwewo ndinawasiya akutsokomola pakhonde, linali pakati pa anthu akufa.

Mwana wa kumudzi wa zaka khumi ndi ziwiri akanaganiza chiyani? Ine ndinakulira pomva kuti munthu wamoyo satchulidwa pamodzi ndi akufa, ngakhale mwanthabwala, chifukwa kumeneko ndi kumuitanira imfa. Nanga uku n'kuchita kumulemba pa chitsulo! Nthawi yomweyo ndinakhulupirira kuti chimene chinkadya chifuwa cha anganga ndi chimenechi, ndi kuti mwina pofika kunyumba ndikapeza anthu atasonkhana kale. Ndinatola mwala wosongoka n'kuyamba kupala dzinalo ndi mphamvu zanga zonse, misozi ikutsika, ndikupempha Mulungu kuti andipatse kanthawi kochepa chabe kuti ndimalize.

Phokoso la mwala pa chitsulo silibisika. Dzanja louma linandigwira mkono n'kundinyamula ngati nkhuku.

"Iwe! Wapenga kodi? Anthu awa anakulakwira chiyani?" anakuwa msilikali uja.

Aphunzitsi a Namalima anafika akuthamanga, manyazi atawagwira. Anapepesa, anapepesanso, kenaka anandifunsa chimene chandilowa m'mutu. Chifukwa chake ndinawabisira. Ndinkaopa kuti ndikangotchula pakamwa kuti anganga alembedwa ndi akufa, basi zichitika. Ndinalandira zikwapu zitatu anzanga onse akuona, ndipo sindinamve kuwawa kwenikweni. Chimene chinandiwawa n'chakuti mwala wanga unangokanda pamwamba, dzina linatsala lonse. Dothi sindinatape. Ndikanatapa bwanji pansi pa dzina la munthu wamoyo? Kumeneko kukanakhala kuwakumbira manda ndi manja anga.

Ku Mangochi chilango changa chinali kutsala m'lole ndi adalaivala. Chimfuti chija ndinangochionera patali, nditasuzumira pamwamba pa matabwa a lole, kukamwa kwake kutaloza ku mtsinje. Anzanga anabwera akusimba za nyumba yosungiramo zakale, za chiwongolero cha sitima, za zithunzi za amalinyero ovala zoyera. Wina anandigawira mandasi chifukwa cha chisoni, koma ndinangowaika m'thumba. Ine ndinkangofuna lole itembenuke.

Tinafika kutada, ndipo ndinathamanga kuchokera pa sukulu mpaka kunyumba. Kunalibe moto wa maliro, kunalibe anthu. Ndinamva chifuwa chija m'nyumba mwa anganga, n'kukhala pansi pabwalo.

M'mawa ndinawapeza atakhala kale pansi pa mango, atavala malaya awo a kutchalitchi ngakhale silinali Lamulungu. Anatambasula manja awiri. Ndinawaikira kabotolo. Anakagwedeza pafupi ndi khutu.

"Dzina mulibe, anganga," ndinatero.

"Unayang'ana bwinobwino?"

"Paliponse. Mulibe."

Sanandikalipire. Anangoti, "Chabwino, wayesetsa," n'kulowa m'nyumba kukavula malaya aja.

Aphunzitsi anawauza mayi kuti ndinachita zamwano ku Zomba, mayi n'kundiwonjezera zikwapu zina, koma palibe amene anafunsa kuti ndinkapala dzina la ndani. Chinsinsi chinakhala changa ndekha, ndipo ndinachisunga miyezi itatu. Anganga anasiya kusenda chinangwa. Chakudya ankangochitosa n'kukankhira mbale kwa ife adzukulu. Ine ndinkaona zonsezi n'kumati ndi dzina lija likugwira ntchito. Ndinkapemphera, ndinkasala chakudya mobisa, ndinafika mpaka polemba dzina lawo pa pepala n'kuliika m'Baibulo la mayi, ati kuti lilimbane ndi la pa chitsulo lija. Mutu wanga unali wouma ngati chitsa, moti sizinandifikepo m'maganizo ngakhale kamodzi kuti chikuwadwalitsa ndi yankho langa.

Mvula itayamba anagoneratu. Tsiku lina masana ndinawapititsira phala, n'kuwapeza akuyang'ana kudenga, akulankhula okha.

"Ngakhale dzina lokha. Munthu kupita ngati mbuzi yosochera, ngakhale dzina lokha osalembedwa."

Apo ndiye ndinalephera kupirira. Ndinaika phala pansi n'kuyamba kulira mokweza.

"Anganga, ndinanama. La a Labisoni mulibedi, koma muli lanu. Analemba Sinoya Mukhweya. Ndinayesa kufufuta, anandigwira. Pepani, musafe!"

Anatseka maso moti ndinayesa ndawamaliza. Kenaka anadzuka okha, munthu amene kwa sabata yathunthu ankachita kudzutsidwa, n'kulira mfuu m'Chilomwe, kuitana mayi awo amene anamwalira kalekale. Mayi anga anathamangira m'nyumbamo, amalume aakulu nawonso anafika kuchokera kumunda, khasu lili m'manja.

Tsiku limenelo ndi pamene tinamva nkhani imene anganga anali asanauzepo munthu. Olemba anyamata a ku nkhondo atafika pa esiteti paja, dzina limene linaperekedwa linali lawo, Sinoya. Iwo anali atangokwatira kumene, anganga aakazi ali ndi pakati pa amalume omwewa. Anachita mantha n'kuthawira kuphiri, kumene anabisala masiku anayi. Potsika anapeza mkulu wawo atatenga chiphaso chawo cha msonkho, atakavomera dzina la Sinoya pa mzere, n'kupita. Masiku amenewo anthu a kwathu ochokera ku Mozambiki ankabwerekana ziphaso kawirikawiri, ndipo olembawo ankangoona pepala, nkhope analibe nayo ntchito.

"Ndinkayesa akafika kumeneko akawauza dzina lawo lenileni," anatero anganga. "Kani anasunga langa mpaka kufa nalo, kuti asilikali asabwererenso kudzandifuna."

Kenaka anatembenukira kwa ine. "Dothi lija?"

"Sindinatape."

"Iwe mwana iwe." Anangonena zomwezo, motsitsa, ndipo zikwapu zonse zimene ndinalandirapo pa moyo wanga sizifika pamenepo.

Amalume ananyamuka pa njinga m'bandakucha wa tsiku lotsatira. Ikanakhala nthawi ya chilimwe akanapita n'kubwera mosavuta. Koma mvula inali itagwa masiku atatu osakata, mitsinje itadzaza, chigwa chonse chili matope okhaokha, moti malo ena ankachita kusenza njingayo paphewa. Anganga anauza mayi kuti asatseke chitseko. Belu la njinga likangolira panjira ankatukula mutu n'kufunsa kuti, "Ndi iyeyo?" Ine ndinkathamangira kumsewu, n'kubwera kudzanena kuti ayi, ndi wogulitsa matemba, ayi, ndi akatekisiti. Ndinaima pamsewupo mvula ikundinyowetsa, ndikulonjeza Mulungu zinthu zimene sindikanakwanitsa, bola amalume atulukire pa khona. Tsiku lachiwiri masana anganga anasiya kufunsa.

Amalume anafika tsiku la kuika maliro a anganga, matope mpaka m'chiuno, dothi atalimanga pa mpango. Linathiridwa m'manda momwemo, ndipo tinameta kamodzi kulira anthu awiri. Akuluakulu anati zatha bwino, abale agona pamodzi. Mayi sanandinenepo kanthu, mpaka lero. Koma ine ndinkadziwa chimene anganga anapempha kuseri kwa nkhokwe kuja. Sanapemphe kugona pamodzi ndi mkulu wawo. Ankafuna kumuika okha, ataimirira ndi miyendo yawo, n'kumupepesa pamaso pa anthu.

Tsopano ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo anthu amati ndili ndi pakamwa poipa chifukwa sinditha kuzungulira ponena zinthu. Sindiwatsutsa. Ndinaphunzira mochedwa kuti munthu akakutuma kuti ukamuonere kanthu, maso ako ndi ake, ndipo si iwe wosankha chimene angathe kupirira. Ine ndinaona zilembo zokha, tanthauzo lake linali ndi mwini wake amene ankandidikira kunyumba. Ndinkayesa ndikuwatchinjiriza ku imfa, chonsecho ndinkawabisira chinthu chokhacho chimene ankachifuna asanafe. Zaka zonse zija anganga anadikira chifukwa cha nkhondo, ndipo pamenepo ndilibe mlandu. Koma miyezi itatu yomaliza, pamene misewu inali youma ndipo iwo akadatha kuyenda mpaka kumanda, anadikira chifukwa cha ine.